Bulangete Lomaliza la Agogo Velta Lanyamuka

VELTA RUSTAD
1940 – 2021

Agogo, lero zakwana zaka zitatu chitisiyireni. Tafesa tirigu katatu, takolola katatu, ndipo chipale chofewa chakwirira manda anu katatu n'kusungunuka. Chaka choyamba sitinalembe chilichonse m'kalata ya mpingo, chifukwa Amayi ankati akagwira cholembera misozi n'kumatsogola. Chaka chachiwiri analemba Amalume Curtis, mizere inayi yokha, ndipo analakwitsa chaka chimene munabadwa. Chaka chino ntchitoyi yagwera ine Maren, mdzukulu wanu, poti akuti ndine amene ndinatha zaka zinayi ku koleji ndikuwerenga mbiri ya anthu amene anapita kale. Abusa anati ndisapitirire theka la tsamba. Ndinawauza kuti pali nkhani yomwe muyenera kuimva yonse, ndipo andipatsa masamba a maphikidwe a mwezi uno. Amene amafuna kudziwa kaphikidwe ka supu wa nyemba adikire Novembala.

Chithunzi chili pamwambachi mukuchidziwa, ndipo tikudziwa kuti simunkachikonda. Munajambulidwa m'chipinda chapansi pa tchalitchi chathu cha Lutheran, tepi yoyezera ili m'khosi, mapini atatu ali pakamwa, maso mwatuzulira munthu wina amene sakuoneka pachithunzipo. Tonse tikudziwa kuti munthuyo anali Mayi Ardis Tveit, mnzanu wa zaka makumi asanu, ndipo kuti anali atadula nsalu mopendama. Pa zithunzi zina zonse munkamwetulira ngati mlendo. Pa ichi chokha ndi pamene pali inu.

Tsiku limene timakusowani kwambiri ndi Lachiwiri. Kwa zaka 58, nthawi ikakwana 9 koloko m'mawa, munkatsika masitepe aja kiyi ali m'manja, n'kuyatsa magetsi, n'kuteleka khofi, n'kulumikiza matebulo awiri. Pansi munkayala nsalu yolimba, pakati bulangete lakale limene mwini wake watopa nalo, pamwamba zigamba zolumikiza za masiketi, makatani ndi chilichonse chimene chinali chisanawole. Kenako amayi onse ankazungulira tebulo n'kumamanga mfundo za ulusi kuti zitatuzo zigwirane. Mainchesi 60 m'lifupi, 80 m'litali. Likaperewera ndi chala chimodzi munkalamula kuti limasulidwe, ndipo wina akadandaula munkati, "Ndiye ukafotokozere wekha mwana amene mapazi ake adzagone panja."

Simunkafuna zokongoletsa. Mayi wina wobwera kumene atabwera ndi maluwa osoka mwaluso, munawayang'ana kwa nthawi ndithu n'kunena kuti, "Abwino zedi. Nanga amatentha?" Munkadziwa kuti bulangete likafika komwe likupita limakhala mphasa, khoma, denga, choberekera mwana, chokulungira katundu pothawa, ndipo mwina osachapidwa kwa miyezi. N'chifukwa chake matawulo oyera munkawabweza. M'mitolo ya sopo, chipeso ndi mswachi munkafuna thawulo la mtundu wakuda. M'matumba a ana asukulu munkawerenga makope ndi mapensulo kawiri, ndipo sizasi iliyonse munkaiyesa papepala musanaiike. "Mwana wataya kale nyumba," munkatero, "tisamupatsenso sizasi yosadula." Amayi amakumbukira zaka zimene munkaphika sopo nokha ndi mafuta a nkhumba kuseri kwa nyumba, ndipo akuti anzawo kusukulu ankadziwa ndi mphuno kuti kwathu kwaphikidwa sopo wa anthu a kutali.

Lamulo lanu lalikulu aliyense m'tauni yathu ya Ringdal muno angalinene ngakhale mutamudzutsa kutulo: chimene chayalidwa patebulo la pansi pa tchalitchi sichibwereranso kunyumba ya munthu. Akazi a abusa ena akale anasirira bulangete la buluu n'kulipempha mwaulemu wonse. Munawayankha kuti, "Amayi, kwanu kuli moto." Sanapemphenso, ndipo akuti sanakulankhuleni mpaka Khirisimasi.

Zikomo simunkamufuna. Zithunzi zikabwera kuchokera ku likulu la chithandizo, za anthu a ku Ethiopia, ku Bosnia kapena ku Niger atafunda zigamba ngati zathu, amayi ena ankazipachika pakhoma n'kumafufuza ngati pali nsalu yomwe akuizindikira. Inu munkangopitiriza kudula. Tsiku lina Mayi Ardis anati, "Velta, iwe sufuna kuona m'mene asangalalira?" Munayankha osadzutsa mutu kuti, "Asiyeni agone, Ardis. Ine sindinathokoze aliyense. Ndinangogona."

Umo ndi m'mene munkakambira mbiri yanu, pang'onopang'ono ngati mchere. Ndili chaka choyamba ku koleji ndinabwera ndi kachipangizo kojambulira mawu kuti mundifotokozere zonse. Munayang'ana kachipangizoko, munayang'ana ine, n'kunena kuti, "Ndinali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Kunali kuzizira. Panabwera bokosi." Kenako munandipatsa sizasi. Zotsalazo ndinachita kutolera m'mapepala ndi kwa Agogo Selmer, amuna anu. Munachoka ku Latvia mu 1944 pangolo, inu, mayi anu ndi mng'ono wanu Aina. Munakhala zaka zingapo mumsasa wa othawa nkhondo ku Germany. Nkhondo itatha, mipingo ya kuno inayamba kutumiza zovala, sopo ndi mabulangete kutsidya kwa nyanja, ndipo m'dzinja lozizira koopsa la 1947 bokosi limodzi linafika pakhomo la chipinda chanu. Aina sanalione. Anali atamwalira milungu itatu lisanafike.

Mu 1950 mpingo uno unakulandirani, inu ndi mayi anu, muli ndi sutikesi imodzi ndi bulangete la zigamba lija. Linali la nsalu za matumba a ufa ndi madiresi akale, ndipo pakona imodzi panali kamtanda kopetedwa ndi ulusi wofiira pamodzi ndi dzina la mpingo wina wa ku Iowa. Munkalisunga m'bokosi lamatabwa kumiyendo kwa bedi. Kamodzi pachaka, chipale chikasungunuka, munkaliyanika pachingwe n'kukhala pafupi ngati mukulondera mwana. Ana anu sankaloledwa kuligwira. Wololedwa anali Agogo Selmer okha, ndipo ntchito yawo inali kugwira makona awiri polipinda.

Chaka chanu chomaliza mutu unayamba kukusiyani pang'onopang'ono. Makiyi tinkawapeza mufuriji. Tsiku lina munathira mchere mukhofi wa abusa, ndipo iwo anamwa wonse chifukwa choopa inu. Nthawi zina munkandiitana kuti Aina n'kumandilankhula m'chinenero chimene palibe wa ife amachimva. Agogo Selmer ankakutsatirani m'nyumba monse, akubweza zinthu m'malo mwake mwakachetechete kuti musaone kuti munazisokoneza. Ntchito imeneyi ankaigwira bwino kuposa ulimi.

Lolemba lina la Okutobala munawauza kuti akusiyeni kutchalitchi muli ndi chikwama chachikulu, adzakutengeni masana. Munakhala nokha pansi paja maola anayi. M'mawa mwake munagwa pakhitchini, ndipo patapita masiku asanu ndi anayi munatisiya.

Apa ndi pamene pakuyambira nkhani imene simunaione. Maliro atatha, Agogo Selmer anatsikira pansi pa tchalitchi kukatenga magalasi anu ndi kapu yanu ya khofi. Patebulo panali bulangete limene munayala Lolemba lija, zitatu zonse zili m'malo, mapini obayidwa, mfundo zokha zisanamangidwe, poti chigwereni inu amayi a Lachiwiri anali asanakumane. Kachidutswa ka nsalu ya pakati kankasuzumira m'mphepete. Anakazindikira ali pamasitepe. Zaka makumi asanu ndi limodzi akugwira makona a nsalu imeneyo, sakanaisokoneza ndi ina. Munali mutaika bulangete lanu la kumsasa pakati, pamalo pa mabulangete otha ntchito, pomwe palibe amene adzalione.

Anayamba kulikulunga. Mayi Ardis, amene anali kutsuka makapu a pamaliro, anatulukira manja ali thovu lokhalokha.

"A Selmer, mukutani?"

"Ndikutenga katundu wa m'nyumba mwanga."

"Chili patebulo chimenecho. Lamulo mukulidziwa, ndi la akazi anu omwe."

"Akazi anga amaika makiyi mufuriji, Ardis! Sanadziwe chimene akuchita. Ndipo inu mukanangomanga mfundo zanu n'kutumiza, osafunsa n'komwe."

"Ine sindinalipo, bambo inu. Anabwera yekha."

"N'chimene ndikunena. Anali yekha, ndipo anali kudwala."

Anakwera masitepe mtolo uli paphewa. M'zaka 58 palibe amene anachitapo zimenezo. Kunyumba anauika m'thumba lapulasitiki pamwamba pa kabati ya zovala, osaumasula, ndipo unakhala pomwepo zaka zitatu.

Muwamvetse, Agogo. Sikuti ankangokakamira nsalu. Kwa iwo ichi chinali chinthu chomaliza chimene munasokoneza, ndipo anachibweza m'malo mwake monga ankachitira ndi zina zonse. Kulilola kuti lipite kunali kulola matenda kuti akulandeni ngakhale chimene munabwera nacho.

Zaka zitatuzo iwo ndi Mayi Ardis sanalankhulane, ngakhale amakhala mabenchi oyandikana. Ankalankhulana kudzera mwa ife. "Maren, uwauze agogo akowo kuti asiya magetsi a galimoto akuyaka," Mayi Ardis ankatero, Agogo Selmer ali pomwepo, phewa kukhudza phewa. "Uwauze kuti ndamva," iwo n'kuyankha akuyang'ana denga. Khofi wa pambuyo pa mapemphero anasiya kumwa, poti amamwedwera pansi paja. Lamlungu la mabulangete, pamene onse amayalidwa pamabenchi kuti adalitsidwe asananyamuke, ankapeza chochita kumunda.

Ifenso sitinali oyera. Amayi ankafuna litulutsidwe pakati paja liperekedwe ku nyumba yosungira zinthu zakale ya m'boma lathu. Amalume Curtis ankati aliyense achite zimene akufuna, bola asawaimbire foni nthawi yokolola. Ine, ndi maphunziro anga onse, ndinali nditalemba kale m'mutu mawu oti adzaikidwe pansi pa galasi, ndipo anali mawu abwino.

Ndinamaliza koleji mu Meyi n'kubwerera kuno opanda ntchito. Mayi Ardis anandipeza m'sitolo ndikuyang'ana zitini ngati munthu wotanganidwa. "Iwe, manja uli nawo? Lachiwiri, 9 koloko." Atsala atatu okha tsopano, Agogo, iwo ndi Mayi Marlys ndi Mayi Lavonne, ndipo onse pamodzi ali ndi bondo limodzi labwino. Mfundo zanga zoyamba anazimasula zonse. Akuti ndimamanga ngati munthu wopepesa.

Lachiwiri lina mu Sepitembala, tikupinda matawulo, Mayi Ardis anandifunsa osandiyang'ana. "Lija likadali m'pulasitiki?"

"Eya."

"Ndi mapini ake?"

"Sanalikhudze."

Anaika thawulo pansi. "Mapini a Velta anali otchipa, ndinkamuuza chaka ndi chaka. Pofika pano achita dzimbiri, ndipo dzimbiri limadya nsalu. Uwauze agogo ako kuti asunge, atenthe, apite nalo kumanda, zawo zimenezo, koma mapini achoke."

Ndinakanena monga anandiuzira, kupatula za kumandazo. Agogo Selmer anapukuta magalasi awo. Kenako anati, "Iwe ungathe?" Ndinati nsalu ya zaka pafupifupi makumi asanu ndi atatu sindingaigwire ndekha. Anapumira m'mwamba. "Uwauze abwere Lachinayi. Mapini okha. Ndipo asayembekezere khofi."

Lachinayi m'mawa Mayi Ardis anafika ndi tepi, kambale koikamo mapini ndi mtanda wa buledi wakuda wophika monga munawaphunzitsira. Khofi Agogo Selmer anali atateleka kale. Tinakankhira mipando kukhoma n'kutambasula mtolo uja patebulo lodyera. Fungo la pansi pa tchalitchi linadzaza nyumba. Agogo Selmer anaima pazenera manja ali kumbuyo, akuyang'ana makina okololera a aneba ngati sanawaonepo.

Mapini analidi ndi dzimbiri. Tinawazula limodzilimodzi, ndipo Mayi Ardis ankang'ung'udza pa lililonse. Titamaliza anati tinyamule zigamba za pamwamba kuti tione ngati dzimbiri lalowa m'kati. Tinagwira makona n'kuzipinda pang'onopang'ono, ndipo bulangete lanu la kumsasa linaonekera lonse.

Mayi Ardis anachotsa tepi m'khosi n'kuyeza m'lifupi. Anayeza m'litali. Anayezanso kachiwiri.

"A Selmer," anatero, ndipo kanali koyamba m'zaka zitatu kutchula dzina lawo popanda wapakati. "Linali lalikulu bwanji ili?"

"Lalikulu kuposa tebulo ili. Linkalendewera mbali zonse."

"Pano ndi 60 kwa 80. Ndendende. Tabwerani muone."

Anabwera ngati munthu wokokedwa. M'mbali zonse munali mutadula mowongoka n'kupinda mpendero. Malo asanu ndi awiri amene nsalu inapyapyala munali mutawasoka ndi timisoko ting'onoting'ono, tofanana ngati mano a chipeso. Imeneyo sinali ntchito ya Lolemba limodzi. Munaigwira kwa milungu, mwina miyezi, m'nyumba momwemo, pamene iwo ankaganiza kuti mukugona masana.

"Munthu wosokonezeka mutu sayeza chonchi," Mayi Ardis anatero. "Ine mutu uli bwinobwino, koma sindinayezepo chonchi."

"Manja amakumbukira okha," Agogo Selmer anayankha. "Ankatha kusenda mbatata osadziwa kuti ndi tsiku lanji."

Ine ndi amene ndinaona kona. Ndinkafunafuna kamtanda kofiira kaja, poti m'mawu anga a pansi pa galasi kanali pamzere woyamba. Kanalibepo. Kona yonse munali mutaidula bwinobwino, mtanda ndi dzina la mpingo wa ku Iowa, ndipo pamalopo munasokerera chigamba cha nsalu ina.

Mayi Ardis anakhala pampando. "Mwaona? Mtanda suloledwa. Mbendera, mtanda, vesi, zonse ayi, ngakhale m'kati mobisika. Ndi iye amene ankatikalipira: limapita kwa Msilamu, limapita kwa wosapemphera, munthu asafunde chipembedzo cha wina kuti apeze kutentha. Manja okha sadziwa lamulo limenelo, a Selmer. Pamafunika mutu. Velta anali momwemo."

Agogo Selmer sankamvetsera. Anali atawerama, mphuno pafupi ndi chigamba chija. Chinali chofiira cha mizere yakuda yopingasana, ndipo pakati pake panali kabowo kakang'ono kopsa, kosokedwa mozungulira.

"Awa ndi malaya anga," anatero.

"Ati?"

"Malaya anga owotcherera zitsulo. Kabowo aka ndi ka moto, tsiku limene ndinkakonza geti. Ndinawafuna chilimwe chonse chija. Ndinamufunsa, iye amvekere, 'Ndiwe wosasamala, Selmer, mwina unawasiya m'khola.' Ndinasesa khola lonse!"

"Musadandaule," Mayi Ardis anatero. "Theka la amuna a m'tauni ino akufunafunabe mathalauza awo."

Amuna anu anaseka, Agogo. Kuseka kuja kwa m'mimba kumene kumagwedeza mapewa, kumene tinali tisanakumve chichokereni inu. Anaseka mpaka anagwira tebulo, ndipo sitinaone bwino pamene kusekako kunasanduka china. Ine ndinapita kukadula buledi. Ndinadula wambiri kuposa amene anthu atatu angadye.

Nditabwerera anali atakhala moyang'anizana, chigamba chili pakati pawo.

"Bwanji sanandiuze?"

"Mukanalola?"

"Ayi."

"Ndiye mwadziyankha nokha."

Anasisita chigambacho ndi chala chachikulu. "Ndinkaganiza kuti ndikumuteteza."

"Munamuteteza mokwanira. Apa pokha ndi pomwe anakuzembani." Anawakankhira mbale ya buledi. "Idyani. Mwaonda ngati mpanda."

Kakona kamene munadula sitinakapeze. Tafufuza m'madirowa, m'Baibulo, m'matumba a majuzi anu onse. Ngati munapita nako, sitikufunsani.

Tsiku limenelo sananene zoti lipite kapena lisapite. Anangoti tisalibwezere m'pulasitiki. Ndinaimbira Amayi n'kuwafotokozera, ndipo anati za nyumba yosungira zakale tiziiwale, palibe amene akufuna kuti mumudzere kutulo. Mawu anga a pansi pa galasi ndawasunga, mwina adzagwira ntchito pa bulangete la munthu wofatsa.

Lachiwiri lotsatira, tili pakati pomanga, tinamva nsapato zolemera pamasitepe, zikutsika imodziimodzi. Anali Agogo Selmer, mtolo uli paphewa, atavala malaya a Lamlungu. Anauika patebulo n'kunena kuti, "Ndabweza katundu wanu." Mayi Marlys anayamba kufunafuna mpango wopukutira maso, koma Mayi Ardis anangoti, "Mwachedwa ndi zaka zitatu ndi theka la ola. Kasambeni m'manja."

Anakana kuchoka. Anati mfundo amanga nawo. Zala zawo mukuzidziwa, zonenepa ngati mizu, ndipo ulusi kulowa m'singano zinatenga nthawi yoti munthu n'kumwa kapu ya khofi. Mfundo yoyamba anamanga ija amamangira mitolo ya udzu wa ng'ombe.

"Bambo inu, si ng'ombe iyi!" anatero Mayi Lavonne.

"Imasuka?"

Anaikoka, anaikokanso. Sinamasuke.

"Ndiye vuto lili pati?"

Mayi Ardis anaiyang'anitsitsa n'kugamula kuti ndi yonyansa koma ikhale. Anamanga mzere wonse wa mbali ya kona ija, mfundo khumi ndi ziwiri, ndipo aliyense amene adzafunde bulangetelo adzadabwa kuti mbali imodzi inamangidwa ndi ndani.

Lamlungu lapitali tinayala mabulangete 94 pamabenchi. Tikudziwa kuti m'masiku anu ankapitirira mazana atatu, musatiyang'ane choncho. Matumba a ana asukulu anali 60, ndipo sizasi zonse ndinaziyesa ndekha. Agogo Selmer anabwera, anakhala pabenchi pamene panali lanu, msana atatsamira zigamba zanu mapemphero onse. Abusa atati aliyense aike dzanja pa bulangete lomwe lili pafupi naye, iwo anaika onse awiri.

Dzulo tinapakira makatoni m'galimoto yawo n'kupita kusiteshoni kumene mipingo yonse ya chigawo chino imakumana kudzadzaza bogi ya sitima. Anayendetsa okha, pang'onopang'ono, magalimoto ena akutipitirira ndi mahutala. Kunali mphepo ija ya kuno yolowa mpaka m'mano. Mzere unali wautali, malole ndi timagalimoto ta m'midzi, aliyense ndi makatoni omata tepi yambiri kuposa yofunika. Katoni imene munali lanu sinalembedwe chilichonse chosiyana ndi zinzake, koma iwo ankaidziwa. Anakana kuti ndiwathandize. Anainyamula okha kuchokera pagalimoto mpaka pakhomo la bogi, akupumira panjira kawiri.

Pakhomopo panali mayi wina wovala jekete lalikulu, wolandira katundu. Agogo Selmer sanasiye katoni msanga.

"Mayi, iyi ikupita kuti?"

"Sitidziwa, bambo. Imakafika kaye kunkhokwe, ndiye kumene kwagwa vuto ndi komwe imapita. Mwina miyezi itatu, mwina chaka."

"Simudziwa n'komwe dziko lake?"

"Ayi ndithu. Pepani."

Anagwedeza mutu. "Palibe chopepesa. Nayenso mwini wake ponyamuka sankadziwa komwe akupita, koma anakafika kwa anthu." Anamasula manja. Mayiyo anapatsira katoniyo munthu wa m'kati, uyo n'kupatsira wina, ndipo posakhalitsa sitinathenso kuisiyanitsa ndi zinzake.

Pobwerera anandipatsa makiyi kuti ndiyendetse. Tinayenda mpaka kudutsa nkhokwe za tirigu za kunja kwa tauni. Kenako anati, "Wina agona." Ndinati eya. Anatseka maso, ndipo tisanafike pamlatho anali atagona iwo.

Akukulirani mpaka lero ndi amuna anu Selmer. Ana anu Ilze ndi Curtis. Adzukulu anu Maren, Tobias ndi Greta, amene akadali wamng'ono koma amadziwa kuloza chithunzi chanu. Mayi Ardis, amene akuti sakulira, ndi fumbi la nsalu chabe. Ndi amayi a Lachiwiri onse, otsala ndi amene mwakumana nawo kale kumeneko.

Bulangete lapita monga munafunira, Agogo. Inu nokha ndi amene sitidzakupatsani munthu wina. Sitidzakuiwalani.